Dzino silichenjeza: mafunso ndi mayankho pa kasamalidwe ka mano ndi nkhama

Mukalawirira kuchipatala cha boma n'kuyang'ana pa benchi ya kuchipinda cha mano, anthu ambiri mumawapeza atagwira tsaya, ena atakulunga mutu ndi chitenje, maso ali psuu chifukwa chosagona. Mukawafunsa chimene abwerera, yankho limakhala limodzi: "Ndabwera kudzazulitsa." Ndi ochepa amene amabwera dzino lisanawasowetse tulo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri, ena pa benchi pomwepo, ena kunyumba dzino likadali phee.

Mano anga sakupweteka. Si ndiye kuti ali bwino?

Osati nthawi zonse. Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikuto choyera chija, cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi mwanu, koma chilibe mtsempha. Chikamadyeka simumva kanthu. Pansi pake pali gawo lachikasu, lofewerapo, lokhala ndi timabowo ting'onoting'ono tolunjika m'kati. Kuwola kukafika apa m'pamene dzino limayamba kulasa mukamwa madzi ozizira kapena kudya chotsekemera, ululu wake wobwera n'kutha msanga. Pakati penipeni ndi pamene pali mtsempha ndi magazi. Ululu wogunda ngati ng'oma, uja umakudzutsani pakati pa usiku, umasonyeza kuti kuwola kwafika pamenepo.

Kuchoka pa chikuto kukafika pa mtsempha pamatenga miyezi yambiri, kawirikawiri zaka. Nthawi yonseyi dzino limakhala lotheka kulipulumutsa ndi ntchito yaing'ono. Poyamba penipeni, pakangooneka kadontho koyera ngati choko m'mbali mwa nkhama, kuwolako kumatha kuima kopanda kumata, bola muchepetse shuga ndi kutsuka bwino.

Chinanso chonyenga n'chakuti dzino lomwe lakuzunzani sabata yathunthu limatha kungosiya lokha. Musathokoze msanga. Nthawi zambiri mtsempha umakhala wafa, ndipo tizilombo tatsikira kumuzu komwe tikupanga mafinya mwakachetechete.

Kodi n'zoona kuti m'dzino lobooka mumakhala nyongolotsi?

Mulibe. Chikhulupiriro chimenechi si cha kwathu kokha. Anthu akale a ku Mesopotamia, komwe lero ndi ku Iraq, analemba za nyongolotsi ya m'dzino zaka masauzande zapitazo, ndipo ku Ulaya anthu ankaikhulupirirabe mpaka m'zaka za m'ma 1700, pamene dokotala wa mano wa ku France, Pierre Fauchard, anaitsutsa. Mu 1890 Willoughby Miller, Mmereka yemwe ankagwira ntchito ku Berlin, anafotokoza chimene chimachitikadi: tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amasungunula dzino. Choncho wina akakufukizani utsi m'kamwa n'kukuonetsani "timphutsi" tikuyandama m'mbale ya madzi, dziwani kuti sitinachoke m'dzino mwanu, ndipo bowo lija likadali pomwepo.

Tizilombo teniteni mukhoza kuona nyumba yake. Mukadzuka m'mawa palani dzino ndi chikhadabo pafupi ndi nkhama. Zoyera zomata ngati phala zimene zitsalire pa chikhadabopo si nsima ya dzulo, koma mabakiteriya miyandamiyanda atamatirirana. Zimenezi ndi zimene timalimbana nazo tikamatsuka mano. Zikakhala masiku osachotsedwa zimauma n'kukhala ngati nkhoko za mumphika, ndipo zikafika apo mswachi sungazithenso, zimafunika kukapalidwa kuchipatala.

Ndimadya shuga wochepa, koma mano akubookabe. Chikulakwika n'chiyani?

Funso lalikulu si lakuti mwadya shuga wochuluka bwanji, koma lakuti walowa m'kamwa kangati pa tsiku. Nthawi iliyonse imene chotsekemera chalowa, tizilombo tija timayamba kupanga asidi m'mphindi zochepa chabe, ndipo malovu amafunika theka la ola, mwina mpaka ola, kuti amutsuke asidiyo ndi kubwezera kashiamu amene dzino lataya. Malovu ndi mmisiri wokonza, koma amafuna mpata wogwirira ntchito.

Taganizirani anthu awiri. Wina wamwa botolo la chakumwa chotsekemera nthawi imodzi pa nkhomaliro, n'kutsitsira madzi. Mnzake wagula botolo lomwelo n'kumapsontha pang'onopang'ono kuyambira 10 koloko mpaka masana ali pa sitolo. Shuga ndi wofanana, koma mano a wachiwiriyu akhala m'asidi maola atatu osapuma. N'chimodzimodzi mwana amene wapatsidwa masiwiti asanu n'kumayamwa limodzi limodzi tsiku lonse, kapena mlonda amene amamwa tiyi wa masupuni atatu kanayi usiku umodzi.

Kuchuluka nakonso kuli ndi malire. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wochita kuthira asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya pa tsiku, ndipo kuti ndi bwino kwambiri atachepera 5 peresenti. Kwa munthu wamkulu 5 peresentiyo ndi pafupifupi magalamu 25, kapena masupuni a tiyi 6. Botolo limodzi la 300 ml la zoziziritsa kukhosi likhoza kukhala ndi masupuni 7 kapena 8. Kuwonjezera apo pali shuga amene sitimuwerengera: wa m'phala la mwana, wa m'thobwa, m'maheu a m'sitolo, m'mafiriziesi a pa geti ya sukulu, m'mandasi, m'mabisiketi, ngakhalenso uchi, womwe anthu ena amauyesa wosalakwa.

Sitikunena kuti musiye tiyi, tikudziwa kuti zimenezo sizingatheke. Zotsekemera zizibwera pamodzi ndi chakudya, osati pakati pa zakudya, ndipo zisabwere konse mukatsuka mano usiku. Pakati pa zakudya mukamva kanjala, mtedza, chimanga chootcha, chinangwa kapena dzira siziputa mano.

Nanga nzimbe? Agogo athu ankadya nzimbe koma anamwalira ndi mano onse.

Madzi a nzimbe ndi shuga yemweyo wa m'paketi, kungoti sanaumitsidwe. Agogo ankadya nzimbe pa nyengo yake, kamodzikamodzi, ndipo masiku ena onse m'kamwa mwawo munkalowa nsima, ndiwo ndi madzi. Mdzukulu wawo akudya nzimbe kuwonjezera pa Sobo, siwiti ndi bisiketi. Kutafuna kumabweretsa malovu ambiri, zomwe zimathandizako, koma kusenda nzimbe ndi mano kwathyola mano akutsogolo a anthu ambiri. Mpeni ulipo. Kutsekula botolo ndi mano ndiye tisanene n'komwe.

Zipatso zowawasa zili ndi vuto lina. Malambe, bwemba, mandimu ndi mango osapsa zili ndi asidi wakewake amene safuna thandizo la tizilombo. Mano akamayayamira mutadya zimenezi, ndiye kuti chikuto chafewa pamwamba. Chukuchani ndi madzi, ndipo dikirani mphindi 30 musanatsuke, chifukwa mswachi pa chikuto chofewa umapala.

Nditsuke kangati, ndipo motani?

Kawiri pa tsiku, mphindi 2 nthawi iliyonse, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, chinthu cholimbitsa chikuto cha dzino. Ambiri a ife timatsuka m'mawa mokha, pofuna kuti tisanunkhe m'kamwa pamaso pa anthu. Koma kutsuka kofunika kwambiri ndi kwa usiku. Munthu akagona malovu amachepa, ndiye chilichonse chimene chatsalira m'mano chimakhala maola 7 kapena 8 popanda wochitsuka. Ngati pa tsiku mungathe kamodzi kokha, sankhani usiku.

Mphindi 2 ndi nthawi yaitali kuposa mmene imamvekera, tayesani ndi wotchi ya pa foni muone. Mswachi ukhale wofewa, wamutu waung'ono. Uikeni mopendekera pamene dzino lakumana ndi nkhama, chifukwa m'pamene zomata zija zimabisala, ndipo muziuyendetsa mozungulira pang'onopang'ono, mano awiri kapena atatu nthawi imodzi. Yambani kunja, kenako m'kati mbali ya lilime, kenako pamwamba potafunira. Malo amene anthu ambiri amaiwala ndi kuseri kwa mano akutsogolo am'munsi ndi dzino lomalizira kumbuyo. Kukwecha mwamphamvu ngati mukutsuka poto sikuyeretsa, kumangofutsa nkhama ndi kusema timipata m'khosi mwa dzino.

Mswachi usinthidwe pakatha miyezi 3, kapena tsitsi lake likayamba kuyang'ana kumbali. Aliyense akhale ndi wake, ngakhale pa banja, ndipo uziuma pa mphepo, osati m'jumbo.

Mankhwala ake ndi ati? Odula ndiye abwino?

Kwathu kuno mankhwala alionse otsukira mano timangowatcha Colgate, koma dzina si limene limagwira ntchito. Tembenuzani chubu muwerenge. Pakhale mawu akuti fluoride, ndi nambala yosonyeza kuchuluka kwake, ya pakati pa 1000 ndi 1500 ppm. Ngati zimenezi zilipo, otchipa ndi odula amateteza mofanana. Ena olembedwa kuti ndi a zitsamba alibe fluoride n'komwe, choncho yang'anitsitsani. Fluoride amalowa m'chikuto cha dzino n'kuchilimbitsa kuti asidi asachisungunule msanga, ndipo amathandiza malovu kukonza pamene payamba kudyeka.

Simufunika kudzaza mswachi wonse ngati mmene amaonetsera otsatsa malonda. Kadontho kofanana ndi njere ya nandolo n'kokwanira, ndipo mukatero chubu chimakhalitsa.

Tsopano nachi chimene anthu ambiri amadabwa nacho: mukamaliza kutsuka, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Mukachukucha mumataya fluoride yemwe mwagula ndi ndalama zanu asanagwire ntchito. Masiku oyamba zimamveka zachilendo, koma pakatha sabata mumazolowera.

Kumudzi timagwiritsa ntchito mswachi wa mtengo, makala, phulusa kapena mchere. N'kulakwa?

Tizisiyanitse. Mswachi wa mtengo, monga wa nimu kapena gwafa, umachotsa zomata bwino ndithu ngati mwautafuna mpaka kufewa ndipo mukupita dzino ndi dzino mosathamanga. Palibe chifukwa chouchitira manyazi. Kufooka kwake n'kwakuti suvuta kufika kutsogolo koma umavuta kuseri kwa zitsakano, komanso ulibe fluoride wokwanira. Mungathe kupaka kadontho ka mankhwala pa mswachi womwewo. Dulani nsonga yotha tsiku lililonse, ndipo musathyole mtengo umene simukuudziwa, makamaka wotuluka utomoni woyera ngati nkhadze.

Makala, phulusa, mchenga ndi mchere wa mibulu ndi nkhani ina. Zimayeretsadi poyamba, chifukwa zikupala. Koma chikuto cha dzino sichimeranso, madzi akatayika sawoleka. Chikapyapyala, gawo lachikasu lija limayamba kuonekera, ndipo munthu amene amafuna mano oyera amathera ndi mano achikasu olasa. N'chimodzimodzi soda wosakaniza ndi mandimu amene achinyamata amaonera pa intaneti. Mchere malo ake ndi m'madzi ofunda ochukuchira, theka la supuni ya tiyi m'kapu imodzi.

Ndikatsuka ndimalavula magazi. Ndisiye kutsuka pamalopo?

Musasiye. Nkhama zathanzi sizituluka magazi ndi mswachi wofewa. Magaziwo akusonyeza kuti zomata zakhalitsa m'mphepete mwa nkhama ndipo nkhamazo zatupa, chomwe ambiri timachitcha chiseyeye. Mukapewa malowo zomata zimachuluka, magazi n'kuwonjezeka. Tsukani pomwepo mofatsa kawiri pa tsiku, ndipo kawirikawiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri magazi amasiya.

Akapitirira, pitani akakuoneni. Matenda a nkhama akazika mizu amadya fupa limene lagwira dzino, ndipo amachita zimenezi popanda ululu. Nkhama zimafupika, mano amaoneka ngati atalika, amayamba kutalikirana, kenako kugwedera. Munthu amataya dzino loyera bwinobwino lopanda bowo. Timakonda kunena kuti ndi ukalamba, koma ukalamba pawokha sugulula mano. Fupa lomwe ladyeka silibwerera, koma kupalitsa nkhoko zija kuchipatala kumaimitsa matendawa. Ena amadandaula kuti atapalitsa mano anayamba kugwedera ndi kuoneka mipata. Mipatayo inalipo kale, inangodzazidwa ndi nkhoko.

Magazi otuluka okha osakhudza, pamodzi ndi kufooka, kutuwa kapena mikwingwirima pathupi, si nkhani ya mswachi. Amenewo akayezedwe magazi msanga.

Nyama ikatsalira m'mano ndichotse ndi chiyani?

Osati singano, pini, lezala kapena waya. Kamtengo ka machesi nako kamathyokera m'nkhama. Chabwino ndi ulusi wotsukira mano umene amagulitsa m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu: mumaulowetsa pakati pa mano mofatsa, n'kuukulunga m'mbali mwa dzino, n'kukwera nawo. Mswachi sufika pakati pa mano, ndipo kuwola kwambiri kwa akuluakulu kumayambira pamenepo. Ngati nyama imakodwa malo amodzimodzi tsiku lililonse, mwina pali bowo lomwe simukuliona.

Ndimatsuka koma m'kamwa mumanunkhabe.

Yang'anani lilime pa galasi, makamaka chakumbuyo. Zoyera zimene zili pamenepo ndi zimene zimabweretsa fungo mwa anthu ambiri, osati m'mimba monga timaganizira. Litsukeni mofatsa ndi mswachi. Zina zobweretsa fungo ndi matenda a nkhama, dzino lobooka losunga zakudya, fodya, mowa ndi kuuma m'kamwa. Siwiti ya timbewu imabisa fungo kwa mphindi zochepa uku ikudyetsa tizilombo tomwe tikulipanga.

Mano a mwana adzaguluka okha. Ndivutikirenji kuwasamala?

Mwana amakhala ndi mano a mkaka 20. Loyamba limatuluka ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo onse amakwana akamafika zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Akutsogolo amayamba kuguluka pa zaka 6, koma akumbuyo amakhala mpaka zaka 10 mpaka 12. Ndiye dzino lomwe labooka mwana ali ndi zaka 4 likhoza kumuzunza zaka zina 6, osadya bwino, osagona, kujomba kusukulu. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu: amene adzayende usiku ndi mwana wotupa tsaya ndinu. Komanso mano a mkaka amasungira malo mano achikulire. Limodzi likachoka nthawi isanakwane, anzake amasendera, ndipo lachikulire limadzamera mopingasa.

Pali dzino limodzi limene makolo ambiri amaliphonya. Pa zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano onse a mkaka kumamera chitsakano choyamba chachikulire, popanda dzino lililonse kuguluka. Poti palibe dzino loponya padenga, makolo amaliyesa la mkaka n'kulilekerera. Limenelo likapita lapita.

Yambani kutsuka dzino loyamba likangotuluka. Mwana wosakwana zaka 3 apakiridwe mankhwala ochepa ngati njere ya mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati njere ya nandolo. Muzimutsuka ndinu, kapena kubwereza pambuyo pake, mpaka zaka 7 kapena 8, chifukwa dzanja la mwana silinakhwime. Asagone ndi botolo la tiyi, juwisi kapena mkaka wothira shuga m'kamwa, ameneyo ndiye amabwera ndi mano akutsogolo akuda othothoka. Ndipo alendo obwera ndi masiwiti muziwalandira bwino, koma masiwitiwo asungidwe mpaka nthawi ya chakudya.

Mwana akutsekula m'mimba ndi kutentha thupi. Apongozi akuti ndi mano akumera.

Kumera mano kumabweretsa dovu, kulumaluma zinthu, kuvutavuta ndi kufunda pang'ono. Sikubweretsa kutentha thupi kwambiri kapena kutsekula m'mimba. Zimangokumana pa msinkhu umodzi: pa miyezi 6 mwana amayamba kukwawa, kutola zapansi n'kuika m'kamwa, kudya phala, ndipo chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa mayi chimakhala chikuchepa. M'dziko la malungo ngati lathu, mwana wotentha thupi akayezedwe tsiku lomwelo, ndipo wotsekula apatsidwe thanzi ORS ali pa ulendo wa kuchipatala. Apongozi muwayankhe mwaulemu, koma mwanayo mumubereke muzipita. Nkhama zake musazicheke kapena kuzipaka mankhwala a akuluakulu, chala chosamba bwino kapena kansalu koyera konyowa n'zokwanira.

Kwathu anthu ambiri ali ndi mano a mawanga ofiirira. Ndi uve?

Si uve, ndipo ana otere asamasekedwe. Fluoride yemwe amateteza mano akakhala wochepa amawaononga akachuluka m'madzi akumwa. M'madera ena a Malawi, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, ku Liwonde ndi mbali zina za Nsanje, madzi a m'mijigo ina amatenga fluoride wambiri kuchokera m'miyala ya pansi. WHO imati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Mwana akamamwa madzi opitirira muyezowu mano ake akupangika m'nsagwada, kuyambira ukhanda mpaka zaka pafupifupi 8, manowo amatuluka ndi mawanga oyera, achikasu kapena ofiirira. Wamkulu amene wasamukira kuderalo mano ake sasintha.

Mawangawa ali m'kati mwa chikuto, ndiye kukwecha ndi makala sikungawachotse. Kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini sikuchotsa fluoride, kuwiritsa kumangomuwonjezera mphamvu poti madzi ena amauluka. Chothandiza ndi kupempha a zamadzi pa boma kuti ayeze mjigowo, ndipo ukapezeka ndi vuto, ana aang'ono azimwa madzi a pa gwero lina lotetezeka. Kutsuka ndi mankhwala kupitirire, kungoonetsetsa kuti mwana akulavula, sakumeza.

Ndili woyembekezera. Akuti mwana amayamwa mano a mayi ake.

Mwana satenga kanthu m'mano mwanu. Chimene chimachitika n'chakuti kusintha kwa m'thupi kumatupitsa nkhama msanga, zilakolako zimakudyetsani zotsekemera pafupipafupi, ndipo masanzi amabweretsa asidi wa m'mimba m'kamwa. Mukasanza chukuchani ndi madzi, mudikire theka la ola, kenako mutsuke. Usipa, matemba, bonya ndi masamba obiriwira zimakupatsani kashiamu amene mwana akufuna. Kuonetsa mano, kumatitsa ngakhale kuzulitsa n'zotheka muli ndi pakati, bola muwauze. Dzino la mafinya ndi loopsa kuposa jakisoni wa dzanzi. Musagule nokha mankhwala: tetracycline amadetsa mano a mwana, ndipo Brufen si wabwino kwa woyembekezera, makamaka miyezi yomaliza.

Dzino landigwira usiku. Ndichite chiyani kufikira kucha?

Imwani Panado monga mwa muyezo wolembedwa pa paketi, kapena Brufen mutadya ngati mulibe zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena pakati. Chukuchani ndi madzi ofunda a mchere, ndipo gonani mutu uli pamwamba. Piritsi ndi lomeza. Aspirin woika pa dzino amawotcha nkhama n'kusiya chilonda choyera, dzino likupwetekabe. Asidi wa batire, petulo, mafuta a mabuleki, fodya ndi mankhwala a mbewu, zonse zimene anthu amaika m'bowo akathedwa nzeru, ndi poizoni. Makapisozi a amoxicillin ogula pa msika nawo sachiza dzino: akhoza kuphwetsa chotupa kwa masiku, koma gwero lili m'kati mwa dzino momwe mankhwala safika, ndipo kumwa mwachisawawa kumangolimbitsa tizilombo.

Pali zizindikiro zimene siziyembekezera kucha. Kutupa kukatsikira pansi pa chibwano ndi m'khosi, kukakwera mpaka kutseka diso, mukamalephera kuyasamula, kumeza malovu kapena kupuma bwino, thupi likatentha kwambiri, pezani galimoto, njinga, chilichonse, usiku womwewo. Mafinya a dzino amatha kutseka njira ya mpweya, ndipo anthu amafa nazo.

Kuzula ndi kumata, chabwino n'chiti?

Ngati dzino lingapulumuke, lipulumutseni. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, kuphatikizapo 4 omalizira amene amamera pakati pa zaka 17 ndi 25, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti limodzi likachoka palibe kanthu. Koma oyandikana nalo amapendekera pa mpatawo, la pamwamba kapena pansi pake limatalika posowa lokumana nalo, ndipo zakudya zimayamba kukodwa m'malo atsopano. Apa m'pamene panachokera mawu akuti ukazula limodzi matenda amasamukira kwa lina. Sasamuka. Shuga ndi katsukidwe zimene zinaboola loyamba ndi zomwe zikuboola lachiwiri.

Bowo laling'ono amalikonza n'kulimata. Kuwola kukafika pa mtsempha, njira yotsala ndi kuchotsa mtsemphawo, kutsuka muzu n'kutseka, ntchito imene imafuna maulendo angapo ndipo sipezeka paliponse. Ikakanika imeneyo, kuzula ndiye chithandizo, ndipo musachiope. Kuzula dzino la m'mwamba sikuchititsa khungu, mitsempha ya maso ndi ya mano ndi yosiyana.

Mukazulitsa, lumani thonje limene akuikirani pa bowopo kwa theka la ola kapena kuposerapo. Tsiku limenelo musachukuche, musalavulelavule, musasute, musamwe mowa kapena zotentha, ndipo lilime lisapite kukafufuza pa bowopo. Magazi oundana amene ali pamenepo ndiwo chivundikiro cha chilonda, akachoka fupa limakhala pamtunda ndipo ululu wake umaposa wa dzino lija. Kuyambira tsiku lotsatira chukuchani mofatsa ndi madzi a mchere mukatha kudya.

Mwana wagwa pa njinga, dzino lachoka lathunthu ndi muzu womwe.

Ngati ndi lachikulire, likhoza kubwerera, koma nthawi ndi yochepa. Ligwireni kumutu, osati kumuzu. Ngati lada litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera, osakwecha, n'kulibwezera m'malo mwake, mwanayo alume kansalu. Zikakanika, liikeni m'kapu ya mkaka, osati m'pepala kapena m'thumba, ndipo mufike kwa a mano ola lisanathe. Dzino la mkaka lokha ndi limene silibwezeredwa, chifukwa likhoza kuvulaza lachikulire lomwe lili pansi.

Kodi matenda ena a m'thupi amakhudza m'kamwa?

Kwambiri. Matenda a shuga ndi matenda a nkhama amakokerana: shuga akakwera nkhama zimaola msanga, ndipo nkhama zotupa zimavutitsa kutsitsa shuga. Kwa amene ali ndi HIV, zoyera zonga mkaka pa lilime, zilonda zobwerabwera kapena mawanga ofiirira kumwamba kwa kamwa ndi zofunika kukaonetsa ku kiliniki. Mankhwala ena, monga ena a BP ndi a matenda a maganizo, amaumitsa m'kamwa, ndipo popanda malovu mano amaola mofulumira. Musasiye mankhwalawo, muzimwa madzi pafupipafupi n'kuwauza adokotala.

Fodya, wosuta ndi woika m'kamwa yemwe, amabisa matenda a nkhama chifukwa amachepetsa kutuluka kwa magazi, ndipo pamodzi ndi mowa ndiye gwero lalikulu la khansa ya m'kamwa. Chilonda, chotupa kapena banga loyera kapena lofiira lomwe latha masabata 3 osapola likaonedwe, ngakhale lisakupweteka. Agogo amene amasunga fodya kuseri kwa mlomo muziwayang'anako pamalopo.

Ndipite kuti, ndipo kangati?

Kamodzi pa chaka ngakhale palibe chopweteka, ndipo pafupipafupi ngati muli ndi shuga, matenda a nkhama kapena mano omata ambiri. Zipatala zazikulu za Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba Central ndi Mzuzu Central zili ndi zigawo za mano. M'zipatala za m'maboma ndi zina za mishoni, ntchito yambiri imagwiridwa ndi madental therapist, amene amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Amazula, amamata, amapala, ndipo zovuta amazitumiza ku chipatala chachikulu. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna kukhala dokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja. Maphunzirowa anayamba m'dziko muno mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mogwirizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa. Ogwira ntchitoyi akadali ochepa poyerekeza ndi anthu, n'chifukwa chake mizere imatalika ndipo zipangizo zomatira sizipezeka nthawi zonse. Mukapita ku chipatala cholipira, muli ndi ufulu wofunsa ngati wokuthandizaniyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Wozula mano pa msika ndi pulayala mupeweni, chifukwa chitsulo chosawiritsa bwino chimanyamula matenda a chiwindi ndi HIV.

Popita nyamulani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ndipo idyani kaye, makamaka ngati muli ndi shuga. Musanakhale pa mpando, nenani ngati muli ndi pakati, BP, vuto la mtima, khunyu kapena mphumu, ngati magazi amachedwa kusiya mukadzicheka, ndiponso ngati penisilini kapena mankhwala ena anakutulutsanipo zidzolo.